Wodwazika Akhale Mmodzi

"Wailesi yanena kuti mmodzi. Sinanene kuti awiri, sinanene kuti mtundu wonse. Mmodzi!"

Aphunzitsi ankalankhula ataima pakhomo lolowera pabalaza, mwendo umodzi uli panja, masiki ali kukamwa, chikwama chili m'khwapa ngati munthu amene basi ikumusiya. Mlongo wawo wamng'ono, Wometa, anakhala pampando wa pakona akupukuta makina ake ometera. Mkazi wa Wometa, amene msewu wonse unkamutchula kuti Telala, anaima pakati pa awiriwo atanyamula beseni. Kuchipinda cha kumapeto kunkamveka chifuwa cha Madala, bambo wa Aphunzitsi ndi Wometa. Anali atangowagoneka pa matiresi, pafupi ndi makina osokera.

Linali Lolemba. Madala anayamba kutentha thupi Loweruka, kunyumba kwa Aphunzitsi kumene ankakhala. M'mawa umenewo anadzera nawo kuchipatala. Kumeneko anawapima, anawapatsa mankhwala, nanena kuti poti akupuma bwino ndipo mabedi adzaza chifukwa cha mliri wa chimfinewu, akawasamalire kunyumba. Aphunzitsi anauza wa takisi nyumba yoti awasiyeko, ndipo sinali yawo.

"Ndamva, alamu," anatero Telala. "Mmodzi. Koma mmodziyo akhale ine chifukwa chiyani?"

"Nanga akhale ndani? Uyu amagwira mitu ya anthu tsiku lonse. Ukufuna akagawire chimfine tauni yonse? Iwe ntchito yako ili m'nyumba mommuno. Uzisoka uku ukuwayang'ana."

"Sukulu anatseka sabata yatha. Inunso muli pakhomo."

"Ndili pakhomo ndikuchonga mayeso."

"Mayeso satsokomola."

Wometa anati aseke, koma ataona maso a achemwali ake anameza chisekocho.

Telala anaika beseni pansi. "Wailesi yomweyo inenso ndinaimva. Inati wodwazika asakhale wokalamba, asakhale wa mphumu kapena wa shuga, asakhale woyembekezera. Pamenepo batire linatha?"

"Kodi alipo woyembekezera muno?"

Telala anayang'ana mwamuna wake. Wometa anapitiriza kupukuta makina amene anali atayera kale.

"Auzenitu."

"Eee, achemwali. Miyezi inayi. Tinati tisanene msanga."

Aphunzitsi anatsitsa maso pamimba ya Telala, kenako anawakwezanso. "Chabwino, tathokoza. Koma mimba si matenda, mlamu. Ine womaliza uja ndinapita kukamubereka choko chili m'manja. Ndipo si koyamba kumva nkhani imeneyi m'nyumba muno. Kawiri konse tinagula matewera. Anathera kupukutira mawindo."

"Achemwali!"

"Ndanama? Madala tikuwaona ndi maso, akupuma, anatilera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo."

Telala anatembenukira kwa Aphunzitsi. "Bambo sindikuwakana, ndi bambo anganso. Ndiziphika, ndiziwiritsa madzi, chakudya ndiziika pakhomo pa chipinda. Kulowa mokhamo, alowe wina. Inu, bambo a m'nyumba muno, simungatseke shopu sabata imodzi?"

Wometa anakanda m'khosi. "Ndikatseka sabata imodzi, anthu anga onse apita kwa mnyamata wa pasiteji uja. Mutu ukazolowera dzanja lina subwereranso. Ndi masiku ochepa chabe, mayi. Uzivala masiki. Si iwe umasoka masikiwo?"

"Wamva?" anatero Aphunzitsi. "Mwini nyumba walankhula."

Kuchipinda kuja Madala anatsokomola kwa nthawi yaitali, kenako anaitana ndi mawu osasa kuti akufuna madzi. Aphunzitsi anali atatsika kale pakhonde. Wometa ankakulunga chingwe cha makina ake. Telala anayang'ana uku ndi uku, natenga kapu.

Zimene wailesi inanena, Telala anazichita zonse. Anapatula kapu, mbale ndi supuni za Madala, nazimanga kaulusi kofiira. Anasoka masiki a nsalu zitatu zophatikiza, ena ake, ena a Madala, ndipo akanyowa ankasintha. Pakhomo pa chipinda anaikapo ndowa ndi sopo, moti pofika Lachitatu khungu la m'manja mwake linali litang'ambika m'mphindi. Zenera ankalisiya chotsegula. Anayesanso kukhala patali ndi wodwalayo, koma chipinda chake chinali chodzaza ndi makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu ndi matiresi. Komanso munthu amene sangathe kugwira kapu sumumwetsa uli patali.

"Tseka windo, mwanawe," ankatero Madala. "Ukufuna ndife ndi chimfine kapena ndi mphepo? Sankha chimodzi."

"Mpweya uziyenda, bambo. Fundani bulangete lachiwiri."

"Zaka zonse ndakhala ndikukhoma mawindo a anthu kuti azitsekeka bwino. Lero langa lomwe likhale yasa!"

Madala anali kalipentala asanapume pa ntchito, ndipo ngakhale thupi likutentha, maso awo ankafufuza zolakwika. Anapeza kuti mwendo wa tebulo unali wopendekeka. Anapeza kuti chitseko anachimangirira munthu wosadziwa ntchito. Lachitatu masana, Telala atawerama kuti awatembenuze, anapezanso china.

"Iwe, ukugwira msana chonchi bwanji? Uli ndi pakati?"

Telala anavomera ndi mutu.

"Ana anga akudziwa?"

"Akudziwa."

Madala anatembenukira kukhoma, nakokera bulangete mpaka kumphuno. "Tuluka. Ikani phalalo pansi, ndidya ndekha."

Anayesadi. Supuni inagwa kawiri, phala linatayikira pa matiresi, ndipo Telala analowanso kudzapukuta.

Aphunzitsi ankabwera tsiku lililonse cha m'ma teni. Ankaima panja, kutali ndi zenera, n'kuika malalanje pa mpando.

"Madala, mwadzuka bwanji? Mlamu, mapilo aja wawaika padzuwa? Usamawapatse madzi ozizira. Ndipo zovala zawo uzichapa pazokha, wailesi yanena."

"Lowani mudzandionetse kachapidwe kake."

"Ukudziwa kuti saloleza awiri."

Lachinayi m'mawa, Wometa asananyamuke, kunabwera mlangizi wa zaumoyo, mayi wamfupi amene ankayenda khomo ndi khomo m'nyumba zimene munali odwala. Anaima pabwalo. Nthawi imeneyo Madala ankasanza, ndipo Telala anali atagwada, dzanja limodzi pamphumi pawo, lina pabeseni. Zonse ankazimva kudzera pazenera.

"Akuwasamalira ndani?"

"Akazi anga," anatero Wometa.

"Ali bwino iwowo? Alibe mphumu, shuga, vuto la mtima? Si oyembekezera?"

Telala anatchera khutu.

"Ayi, ali bwinobwino."

"Ndafunsa chifukwa chimfine chimenechi si chija tinachizolowera. Kwa mayi woyembekezera chimathamangira m'mapapo, ndipo kutentha thupi kwambiri kumaika mwana pangozi. Akanakhala otero, ndikanati muwachotse m'chipindamo lero, mulowemo inu, ntchito muyambe mwaisiya. Woyembekezera akangomva kutentha thupi azipita kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala ake amagwira bwino akayamba pasanathe masiku awiri. Agogowa mukaona akubanika, akumva kupweteka pachifuwa, milomo yada, kapena sakumwa kanthu, musadikire kuti kuche. Mwamva, bambo?"

"Ndamva, mayi. Zikomo kwambiri."

Telala anatsegula pakamwa, koma Madala anabzikulanso, ndipo anawagwiritsa. Pamene ankatuluka ndi beseni, mlangizi anali atakhota kale pangodya.

Wometa anabwera dzuwa likulowa, atanyamula buledi. Anapeza mkazi wake akusamba m'manja pandowa.

"Munawauza chiyani mayi aja?"

"Mayi ati?"

"Musandiyese chitsiru. Zenera linali lotsegula."

Wometa anaika buledi patebulo. "Ukanafuna ndinene chiyani? Unamva wekha. Akanati ndisiye ntchito. Nkhani ikanafika pamsika kuti kwa Wometa kuli mliri. Ndani angapereke khosi lake kwa munthu wotero?"

"Ndiye munasankha kupereka langa."

"Bwanji sunatuluke kudzanena wekha?"

"Ndinali nditagwira mutu wa bambo anu. Ndiusiye ugwere m'masanzi? Ndiponso ndituluke ndidzati, mayi, amuna angawa ndi abodza? Ulemu umenewo ndi umene undiphe ine."

"Madala akuchira. Masiku awiri atatu, zonse zatha. Iwenso ukudzisamala, ndikuona."

"Linda madzi apite ndipo uziti ndadala."

"Usalosere zoipa, mayi."

"Sindikulosera. Awiri aja anachoka popanda wowathamangitsa. Uyu ndiye tikuchita kumuitanira."

Wometa anatuluka kukakhala pakhonde. Anakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira.

Loweruka thupi la Madala linazizira. Anadya okha, anapempha lumo, nayamba kudandaula za chitseko chija mwamphamvu. Lamlungu m'mawa Telala anadzuka mutu ukuwawa, mafupa ali ngati amenyedwa ndi mpini. Pofika masana ankanjenjemera m'mabulangete awiri.

"Tiyeni kuchipatala," anatero.

Wometa anamugwira pamphumi ndi kuseri kwa dzanja, nalichotsa msanga. "Ndi kutopa. Sabata yonse sunagone. Imwa panado."

"Mayi aja anati tsiku lomwelo."

"Lero Lamlungu, mzere wake ukafika kumsewu. Ndipo akakufunsa unatengera kuti, ukati chiyani? Nkhani ikafika kwa mayi aja kuti ndinanama. Tione mawa."

Mawa lake Wometa anaika madzi, panado ndi nthochi pafupi ndi bedi, napita kushopu, akuti abwera masana. Sanabwere masana. Aphunzitsi anafika pa nthawi yawo, naima pamalo pawo.

"Ndiye wagona ndiwe tsopano? Ndinanena ine kuti masiki a nsalu si masiki. Finyira mandimu m'madzi otentha, uthire uchi. Ana anga ndawalera ndi zimenezo."

"Ndiperekezeni kuchipatala, alamu."

"M'takisi imodzi? Ine ndili ndi ana, mlamu. Dikira amuna ako."

Telala anadikira. Ankadzuka, n'kukhala m'mphepete mwa bedi, n'kugonanso. Ankaika dzanja pamimba kufuna kumva kanthu, koma miyezi inayi mwana samveka bwino, ndipo sankadziwa ngati bata limenelo linali labwino kapena loipa. Madzulo Wometa anabwera ndi mankhwala a chifuwa a m'botolo. Telala anakana kumwa chinthu chimene sanamuuze a kusikelo. Wometa anati mawa, ndithu mawa, akangometa anthu awiri amene anapangana nawo.

Lachiwiri m'mawa, Wometa atapita, Telala anadzuka kuti akatunge madzi kumpopi wa pabwalo. Anafika pakhonde, nakhala pansi. Mpweya unkalowa theka. Madala anatuluka atagwira khoma.

"Mwanawe, lankhula."

"Bambo... chifuwa... chikundi..."

Sanamalize. Madala anabwerera m'chipinda, natuluka atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera, masiki ali kukamwa, ndodo ili m'manja.

"Dzuka. Pakadafunda padajiwitsa galu."

"Simungathe kuyenda, bambo."

"Iwe ugwire ine, ine ndigwire ndodo. Akagwa mmodzi, wina akuwe."

Anayenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa ngalande. Anapuma pa mpanda wa nyumba yachitatu, anapumanso pa golosale. Anthu ankawapatuka. Matakisi ankaima kumsewu waukulu, ndipo njira yopita kumeneko inkadutsa pashopu ya Wometa.

Shopuyo inali kachipinda ka galasi lalikulu ndi mipando iwiri. Wailesi inkaimba. Pampando panali bambo wonenepa atakulungidwa nsalu m'khosi, mbali imodzi ya mutu itametedwa kale. Ena awiri ankadikira pabenchi. Madala anakhazika Telala pa sitepe, naima pakhomo.

"Zimitsa chimenecho."

Wometa anatembenuka, makina akulira m'manja. "Madala! Mwatuluka bwanji? Bwererani, ndikubwera pompano."

"Ndati zimitsa. Tayang'ana apa. Ukumudziwa munthu uyu?"

"Madala, pali anthu."

"Ndawaona. Amve. Abale anga, uyu akukumetaniyu ndi mwana wanga. Ine ndadwala chimfine cha mliri m'nyumba mwake sabata yonse. Iye ndi mlongo wake anatenga mkazi wapakati, mwana wa eni ake, n'kumutsekera nane m'chipinda. A zaumoyo atafunsa, anati alibe pakati. Lero ndi tsiku lachitatu akutentha thupi, ndipo mwana wanga akuti adikire amalize mutu wanuwo, bambo."

Wonenepa uja anaimirira, nachotsa nsalu m'khosi. "Mutu wanga ndaupulumutsa," anatero, natuluka chammbali, theka lometedwa theka ayi. A pabenchi anali atatuluka kale.

"Mwandipha, Madala," anatero Wometa. "Mwandithera ntchito."

"Tsitsi limamera. Kaitane takisi."

Wometa anayang'ana pasitepe. Telala anali atatsamira khoma, pakamwa pali yasa pansi pa masiki, mapewa akukwera ndi kutsika. Wometa anasiya makina pampando osazimitsa, nathamangira kumsewu.

Kuchipatala sanamuimike pamzere. Namwino anangomva kuti ndi woyembekezera, namulowetsa, namuika pachala kachida koyezera mpweya wa m'magazi.

"Kutentha thupi kunayamba liti?"

"Lamlungu m'mawa," anayankha Wometa.

"Lamlungu. Lero Lachiwiri masana. Munali kuti?"

Namwino anayang'ana kachida kaja.

"Mankhwala timupatsabe, amathandizabe. Koma chibayo chalowa kale. Inu awiri dikirani panja."

Telala anakhala pa okosijeni mpaka Loweruka. Alendo sankaloledwa m'wodi. Wometa ankabwera ndi chakudya, n'kuchisiya pageti, n'kuzungulira kuseri kukaima pazenera la wodiyo, kumene ankaona mapazi a bedi lokha. Shopu ankatsegula, koma pabenchi pankakhala ntchentche. Lachisanu masana kunatuluka timagazi pang'ono, ndipo anamwino anathamangathamanga. Tinasiya tokha.

Lachinayi la sabata yotsatira anamutulutsa. Asanapite, namwino anamugoneka pabedi la kusikelo, naitana Wometa kuti aime pakhomo. Anapaka mafuta pamimba, nayendetsa kachida kake uku ndi uku. Kunamveka phokoso ngati la mphepo. Namwino anasuntha, nadikira, nasunthanso. Kenako kunamveka kugunda kofulumira, kosalekeza.

"Ndi ameneyo," anatero namwino. "Ndi wamakani. Koma mverani, mayi. Mapapo anu sanabwerere mwakale, ndipo mimbayi yagwedezeka. Osanyamula ndowa, osachapa zolemera, osadwazika munthu. Mudzabwerenso pakatha masabata awiri. Mukaona magazi kapena thupi likatenthanso, tsiku lomwelo. Bambo, mwamva?"

"Ndamva, mayi."

Panja, pa benchi ya pafupi ndi geti, Telala anakhala pansi kuti apume. Anali ataonda, diresi likukhwepa m'mapewa. Wometa anakhala kumapeto kwa benchi atanyamula chikwama cha zovala. Anachisuntha kuchoka pa bondo lina kupita pa lina.

"Madala akupereka moni. Akonza chitseko chija."

"Zikomo."

"Mayi, ine ndinalakwa. Ndikudziwa."

Telala anangoyang'ana magalimoto.

"Kungoti... pali nkhani ina. Achemwali agona. Kuyambira dzana. Thupi moto, sakutha kudzuka. Ana awatumiza kwa azakhali awo. Ndiye amati... Amati poti iwe wadwala kale, sungatengerenso. Akuti ngakhale kungowaphikira kaphala, kuwatembenuza. Chibale ndi fupa, mayi, sichiola."

Telala anatembenuka, namuyang'ana.

"Namwino uja amalankhula muli pakhomo. Munati mwamva."

"Ndinamva, koma ndimati mwina masiku awiri okha..."

"Apite nawo kuchipatala lero, asadikire. Zimenezo ndanena ndi mtima wonse, sindiwafunira zoipa. Akawabweza kunyumba, inu ndinu mlongo wawo. Mulibe mphumu, mulibe shuga, mulibe mimba. Sopo ali pawindo la kukhitchini. Masiki oyera ali m'dirowa ya makina."

"Ndiye shopu?"

"Tsekani."

"Nditseke? Anthu angoyamba kumene kubwerera, dzulo ndameta atatu. Ndikatseka tidya chiyani?"

Telala anaimirira pang'onopang'ono, natenga chikwama pamiyendo pa mwamuna wake. Chinali chopepuka. Kutsidya kwa msewu kunali minibasi yopita kwa amayi ake, kondakitala akuitana anthu. Anayang'ana kumanja ndi kumanzere.

"Inu ndi achemwali anu muona chodya," anatero. "Ife awiri tikadya kwathu."